Ndowa ya amayi anga ndi peni yofiira

Monire mose. Ndikuona ena mwadzidzimuka kuti mwina ndiyankhula Chitumbuka mpaka kumapeto. Ayi, mitima m'malo. Andipempha kuti ndiyankhule m'Chichewa chifukwa mawuwa akaikidwa pa tsamba, ndipo kumeneko kuli achemwali a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba amene Chitumbuka chawo chimathera pa "monire" pomwepo. Mukamva Chichewa changa chikupendekera kumpoto mundikhululukire. Ndine mwana wa konkuno ku Mzimba, kwathu ndi mudzi wina kufupi ndi Embangweni, ukapatuka pa Jenda.

Ambiri mwa inu muli ku koleji kapena mukudikira kuti mayina atuluke, ndiye ndinaganiza kuti ndikuuzeni za kozi imodzi imene ndinkaida kwambiri. Inali kozi ya kalembedwe ka sayansi, chaka chachiwiri. Tonse m'kalasi tinkaiona ngati yongodzazira taimutebulo. Ife tinabwera kudzaphunzira za umoyo wa anthu ndi malo owazungulira, kudzavala makoti oyera mu labu, osati kudzaphunzitsidwanso kulemba ngati ana a Fomu 1.

Komanso ine ndinkadziona ngati katswiri. Ku CDSS kwathu chimangirizo changa cha Chingerezi ndi chimene aphunzitsi ankawerengera kalasi yonse. Ndinkadziwa mawu akuluakulu, aja oti ukawatchula anzako amangoti kakasi. Mukudziwa mmene ife a kuno timakulira: kunyumba Chitumbuka, kusukulu Chichewa, kenako Chingerezi. Mwana amene wadutsa makwerero atatu amenewo n'kufika pomalemba ziganizo zazitali za Chingerezi amayenda monyada. Ndinali choncho.

Lipoti langa loyamba linabwerera lili psuu. Madamu amene ankatiphunzitsa anali ndi peni yofiira, ndipo sankalemba zambiri. M'mphepete mwa pepala munali timafunso tiwiri tokha tobwerezabwereza: "Wanena ndani?" ndi "Wadziwa bwanji?" Ndinali nditayamba ndi chiganizo chija tonse timayamba nacho, chakuti madzi ndi moyo ndipo kuyambira kalekale anthu akhala akuvutika ndi madzi oipa. Anachidula chonse. Penapake ndinalemba kuti anthu ambiri akumudzi amamwa madzi osatetezeka. Anazunguliza mawu akuti "ambiri" n'kufunsa kuti angati, kuti, liti. Ndime imodzi imene ndinkainyadira kwambiri anaiika m'bokosi n'kulemba kuti si yanga. Ndipo zoona sinali yanga. Ndinaitenga pa intaneti n'kusintha mawu atatu. Sindinkaona ngati ndikuba, chifukwa kusekondale tinazolowera kuti wolemba mofanana ndi buku ndi amene amakhoza.

Ndinapeza malikisi ochititsa manyazi. Ndinalira ku hositelo, ndinauza anzanga kuti mayi ameneyu amadana ndi atsikana anzake. Lero ndikayang'ana pepala lija ndimaona kuti anandichitira chifundo.

Zimene anatiphunzitsa m'masabata otsatira n'zosavuta kuzinena. Lipoti la sayansi lili ndi zipinda zinayi. Choyamba umanena funso lako ndi chifukwa chake ukulifunsa. Chachiwiri umanena ndendende zimene unachita, moti munthu wa ku Nsanje amene sanakuonepo atha kuchita zomwezo. Chachitatu umanena zimene unapeza, osawonjezera maganizo ako. Chachinayi ndi pamene umaloledwa kunena zimene ukuganiza kuti zikutanthauza, komanso pamene ntchito yako ikuperewera. Ndinaloweza zimenezi ngati mmene ndinkalowezera mitsinje ya m'Malawi. Kuzimvetsa kwenikweni kunabwera ndi nkhani ya chitsime.

Mukukumbukira kolera uja anayamba mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse. Anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Nthawi imeneyo mwana akangotsegula m'mimba mudzi wonse unkagwidwa nthumanzi. Kwathu mwana wa achemwali anga, wa zaka ziwiri, anatsegula m'mimba kawiri m'mwezi umodzi, ulendo wachiwiri mpaka anamugoneka kuchipatala. Sanali kolera, koma tinaopa. Ndipo pamudzi aliyense anali atadziwa kale wolakwa.

Ife timamwa madzi a pachitsime chotetezedwa, chija chosazama kwambiri, chowaka ndi njerwa, chophimba ndi simenti, chokhala ndi pampu. Zitsime zotere n'zambiri dera la Embangweni, chifukwa bungwe la Marion Medical Mission la ku America lakhala likuthandiza midzi kuzikumba kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Tsono abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo anga, anali atakumba chimbudzi chatsopano chakumtunda kwa chitsimecho. Bambo anga ali ku Joni ngati abambo ambiri a kwathu, ndipo pakati pa nyumba yathu ndi ya abambo aang'ono panali kale kusamvana pa nkhani ya munda. Ndiye mwana atadwala, amayi sanachedwe: ndi chimbudzi chija. Ine ndinavomereza ndi mtima wonse. Ndinali wa ku koleji, ndinkadziwa kuti chimbudzi chimatha kuipitsa madzi a pansi, ndinalinso nditaphunzira za John Snow, dokotala wa ku London amene mu 1854 analondola kolera mpaka pa pampu imodzi ya mu Broad Street. Ndinkadziona ngati John Snow wa kwa M'mbelwa.

Madamu atatipatsa asayimenti yaikulu ya semesita, yoti aliyense afunse funso laling'ono, ayeze, alembe, ine sindinavutike kusankha. Ndinalemba pulani yanga usiku umodzi. Mutu wake unali wakuti chimbudzi chikuipitsa chitsime cha m'mudzi mwathu. Inabwerera ndi mawu ofiira pamwamba penipeni: "Ngati yankho ukulidziwa kale, ukupita kukayeza chiyani?"

Ndinapita ku ofesi kwawo nditakwiya. Ndinawafotokozera za mwana, za chimbudzi, za mtunda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa kuti mwanayo amamwera pa pampu penipeni kapena m'nyumba. Ndinati m'nyumba. Anati ndiye madzi amene mwana amamwa ndi a m'nyumba, bwanji sindikufuna kuyeza amenewo? Ndinalibe choyankha. Anandiuza kuti ndisinthe mutu ukhale funso, ndiyeze madzi a pachitsime komanso a m'ziwiya za m'nyumba zingapo, ndipo ndisanatunge dontho lililonse ndipemphe chilolezo kwa amfumu ndi kwa mwini nyumba aliyense, ndiwalonjeze kuti dzina lawo silidzalembedwa.

Kayezedwe kake ndikufotokozereni pang'ono, chifukwa n'kosangalatsa. Tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba ndi tamitundumitundu, sungatifufuze tonse. Ndiye timafufuza gulu limodzi la mabakiteriya amene amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama, lotchuka lake ndi E. coli. Akapezeka m'madzi, ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto chafikamo mwanjira ina. Umatenga madzi okwana mamililita 100, kuwasefa pa kapepala kozungulira kokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri moti mabakiteriya sadutsa. Kapepalako umakaika m'kambale momwe muli chakudya chawo, n'kukasunga pa kutentha kwa madigiri 44 usiku wonse. Kutentha kumeneko mabakiteriya ambiri a m'dothi sakula, koma a m'matumbo amakula. Mawa lake bakiteriya aliyense wachulukana mpaka waoneka ndi maso ngati kadontho kachikasu, ndipo umangowerenga timadonthoto. Muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi wakuti m'madzi akumwa okwana mamililita 100 musapezeke ngakhale kamodzi.

Vuto n'lakuti madziwo ayenera kufika ku labu akadali ozizira, pasanathe maola ambiri, apo ayi mabakiteriya amachuluka kapena kufa m'botolo ndipo zimene uwerenge sizikhala za kumudzi. Ndiye tangondionani m'bandakucha, nyengo ya mvula, ndili pa kabaza kupita pa Jenda, kulabokosi yobwereka pamiyendo. Ayezi ndinalibe, ndinagula mafilizesi ouma gwaa n'kuwapanikiza m'mbali mwa mabotolo. Pa Jenda amayi ogulitsa tomato ndi anyezi ankandifunsa kuti mafilizesiwo ndikugulitsa bwanji. Kenako minibasi, msewu wa M1, kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, ndikupemphera kuti isaime pena paliponse. Ndinachita zimenezi kawiri. Kachitatu ndalama inakana.

Ndinayeza chitsime chimodzi ndi nyumba zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo yathu ndi ya abambo aang'ono. Ndinayezanso ndi chingwe mtunda wochoka pachimbudzi kufika pachitsime. Malangizo amene ambiri amatsata amati pakhale mamita osachepera 30. Chimbudzi chawo chinali kutali kuposa pamenepo. Ndinayeza kawiri poganiza kuti chingwe chanama.

M'mawa umene ndinatsegula timbale tija sindidzaiwala. Kambale ka pachitsime kanali mbee, popanda kadontho. Ulendo wachiwirinso chimodzimodzi. Timbale ta m'nyumba ndi timene tinali ndi madontho, tina ochepa, tina ambiri. Ndipo kamene kanali kodzaza kuposa tonse, moti kuwerenga kunavuta, kanali ka ndowa ya amayi anga.

Achemwali, apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse, chifukwa palibe amene akanandigwira. Mu labu ndinali ndekha ndi kabuku kanga. Ndikanatha kunena kuti botolo limenelo linatayika m'njira. Ndikanatha kulemba kuti linaipitsidwa ndi manja anga, ndipo ndinayesadi kudzinamiza choncho. Koma Madamu anali atatikakamiza kuti pa ulendo uliwonse tizinyamula botolo limodzi la madzi opanda tizilombo ochokera ku labu, liziyenda ulendo womwewo, lizisefedwa ndi manja omwewo. Botolo limenelo linatuluka loyera. Manja anga analibe mlandu. Kale ndinkaona lamulo limenelo ngati kungotivutitsa. Tsiku limenelo ndinaona kuti linaikidwa chifukwa cha anthu ngati ine, ofuna kuthawa zimene apeza.

Ndinalemba nambala ija mu tebulo, nyumba nambala 4.

Kenako ndinalakwitsanso, kulakwitsa kwa mtundu wina. Pofufuza zimene ena analemba ndinapeza kuti zimene ndinaona si zachilendo. Mu 2004 akatswiri atatu, Wright, Gundry ndi Conroy, anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri osauka n'kuonetsa kuti kawirikawiri madzi amaipa pakati pa potungira ndi pomwera, makamaka pamene potungirapo pali paukhondo. Ndinasangalala kuti ndapeza pondiikira kumbuyo. Ndiye m'chipinda chachinayi chija ndinalemba chiganizo chimene chinkamveka ngati cha munthu wophunzira: amayi akumudzi amaipitsa madzi chifukwa cha umbuli ndi kusowa ukhondo.

Peni yofiira inabwera: "Umbuli unauyeza ndi chiyani?"

Ndinakhala ndi funso limenelo masiku angapo. Ndinalibe chida choyezera umbuli. Sindinafunse mayi ngakhale mmodzi zimene amadziwa. Ndinangotola chiganizo chimene chimayendayenda m'malipoti ambiri onena za akazi akumudzi, n'kuchiveka amayi anga, mayi amene amatsuka ndowa yake ndi mchenga ndi sopo tsiku lililonse, amene anandimenyapo ndili mwana chifukwa chopisa dzanja mumtsuko. Taonani mmene zimachitikira: munthu sanayeze, walemba. Wina wawerenga, wabwereza. Pakutha pa zaka zingapo aliyense "akudziwa" kuti vuto ndi amayi osaphunzira. Ndipo ine, mwana wawo, ndinali pafupi kuwonjezera pepala lina pa mulu umenewo, ndi Chingerezi chabwino ndithu.

Ndinabwerera ku kabuku kanga kuti ndione zimene ndinaonadi ndi maso. Ndowa yathu inali yakukamwa kwakukulu. Chivindikiro chake chinasweka kalekale, ankaphimba ndi thireyi imene nthawi zina inkatengedwa kukagwira ntchito ina. Kapu inali imodzi, yotungira ndi yomwera yomweyo, yopanda chogwirira, moti zala zimalowa m'madzi. M'nyumba mwathu munali ana anayi ang'onoang'ono, athu ndi a achibale, ndipo amayi akakhala kumunda anawo amadzitungira okha. Madziwo ankatungidwa madzulo n'kugona. Nyumba imene inali ndi madontho ochepa kuposa zonse inkasunga madzi m'chigubu chakukamwa kwakung'ono, chothira mopendeketsa, dzanja sililowa. Ndipo chigubu chimenecho, mukhoza kuganiza, chinali cha kwa abambo aang'ono.

Ndinalemba zimenezo basi. Ndowa, chivindikiro, kapu, ana, maola. Chiganizo chilichonse ndinkachifunsa ndekha kuti "wadziwa bwanji?" Madamu asanachifunse. Ndinalembanso zimene pepala langa silinganene, ndipo gawo limeneli ndi limene kale ndinkaliona ngati kudzitsitsa. Chitsime chimodzi si Mzimba yense. Kuyeza kawiri sikutanthauza kuti chitsimecho chimakhala choyera chaka chonse; mvula yamphamvu itha kusintha zinthu. Ndiponso sindinaonetse kuti ndowa ndi imene inadwalitsa mwana. Mwana wa zaka ziwiri amakwawa, amatola chilichonse n'kuika m'kamwa, ntchentche zimatera pa chakudya, palinso mavairasi amene kayezedwe kanga sikawaona. Chimene ndinali ndi umboni wake n'chakuti pa masiku awiri aja madzi anachoka pa pampu ali abwino n'kufika pakamwa ataipa.

Lipoti lomaliza linali lalifupi kuposa loyamba lija, ndipo munalibe liwu limodzi lomwe mwana wa Fomu 3 sangalimve. Linabwerera ndi zofiira zochepa. Sindinakhale nambala wani, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya m'filimu. Pansi pake Madamu analemba ntchito ina yopanda malikisi: ndikauze eni madzi zimene ndapeza, m'chiyankhulo chawo.

Imeneyi ndi imene inali mayeso enieni. Mu Chingerezi ukhoza kubisala. Ukhoza kulemba kuti "madzi anapezeka oipitsidwa" popanda kunena kuti a ndani. M'Chitumbuka, uli pa mphasa, amayi ako akukuyang'ana, palibe pobisala. Ndipo inu a kuno mukudziwa kuti mwana wamkazi sangofika pamudzi n'kuyamba kuweruza nkhani ya pakati pa akuluakulu, kaya wapita ku koleji kaya ayi. Ndinayamba ndakaona mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, ndinamuonetsa zithunzi za timbale tija pa foni. Iye ndi amene anandithandiza kapezedwe ka klorini wothira m'madzi, n'kundikumbutsa kuti ukathira umadikira mphindi 30 usanamwe. Kenako ndinadikira madzulo, ana atagona, tili awiri kukhitchini.

Ndinawaonetsa zithunzi. Ichi n'cha pachitsime, ichi n'cha m'nyumba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Maji ghane ngaheni?" Kutanthauza kuti, madzi anga ndi oipa? Mawu akuti "anga" aja anandilasa. Ndikanabwera ndi dirafuti yanga yoyamba ndikanawauza kuti inde amama, ndinu mbuli. Koma ndinali nditalembapo kale nkhaniyi kasanu, ndipo ndinkadziwa chimene ndingathe kunena ndi chimene sindingathe. Ndinati madzi amene mumatunga ndi abwino, ndipo ndowa mumatsuka. Koma kukamwa kwa ndowayi n'kwakukulu, kapu ilibe chogwirira, ndipo manja olowamo pa tsiku ndi ambiri. Ndinawauzanso kuti sindinganene kuti ndi zimene zinadwalitsa mwana, koma ndi khomo limodzi limene tingathe kutseka.

Sanayankhe usiku umenewo. Za chimbudzi cha abambo aang'ono sanazitchulenso, ndipo sanapite kukapepesa. Amene mukuwadziwa amayi a kwathu simudabwa. Mkangano wa munda ulipobe mpaka lero, sayansi yanga sinaufike. Koma bambo atatumiza ndalama mwezi wotsatira, amayi anapita pa Jenda n'kubwera ndi ndowa ija yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi pansi. Yakale ija tsopano ndi yotsukira mbale. Kwa amfumu ndinapita ndi mlangizi uja, ndipo iye ndi amene anayankhula kwambiri pa msonkhano, ine ndinangogwira foni n'kumaonetsa zithunzi, popanda kunena kuti kambale aka n'ka nyumba iti.

Pano ndikamawerenga chilichonse, kaya ndi uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti mankhwala akutiakuti amatseketsa kubereka, kaya ndi lipoti la bungwe lalikulu lokhala ndi zithunzi zokongola, timafunso tiwiri tija timangobwera tokha. Anzanga amati ndayamba kutopetsa. Mng'ono wanga wa Fomu 4 anasiya kundionetsa zimangirizo zake, akuti ndimafunsa ngati wapolisi. Ndagulanso peni yofiira yangayanga.

Tchuthi chathachi ndili kumudzi, amayi anandifunsa ngati pepala lija linawerengedwa ndi anthu ambiri. Ndinati ayi, Madamu okha ndi anzanga awiri. Anafunsa ngati ndinalembamo dzina lawo. Ndinati ayi, munali nyumba nambala 4. Anakhala chete pang'ono akusenda chinangwa, kenako anati nanga ija ya madzi abwino kuposa onse inali nambala chani, ya ndani? Ndinawakumbutsa kuti ndinalonjeza aliyense kuti sindidzaulula. Anandiyang'ana, anayang'ana kunyumba kwa abambo aang'ono, n'kupitiriza kusenda.